Mitengo ya m'sitolo ikakuzunguzani, thawirani ku mitengo ya m'thengo

MASIKU ano mukapatsa munthu moni m'tauni, yankho lake lokha limakuuzani kuti zinthu sizili bwino. Kale tinkamva kuti "tili bwino, kaya inu anzathu." Lero mumva "tikuyesera," kapena "bola moyo," apo ayi angopukusa mutu basi. Mukamuyang'anitsitsa muona kuti pamaso panu paima thupi lokha. Mwini wake ali kutali, akuwerengetsa ya lendi, fizi ya ana ndi katapila amene akubereka usiku ndi usana.

Vutoli Amalawi tidalitcha dzina kalekale. Timati munthu akuganiza kwambiri, kapena kuti ali ndi maganizo. Si nkhani yoseketsa ayi. Munthu wa maganizo amagona koma tulo osabwera. Nsima imaima pakhosi. Mutu umawawa ngati wina waumanga ndi chingwe, ndipo kamwana kakangogwetsa kapu, iye wakalipa kale ngati kagwetsa nyumba.

Nanga munthu osaganiza bwanji? Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya sopo, shuga, mafuta ophikira ndi feteleza idathamanga n'kusiya malipiro kumbuyo. Ena zikawafika pakhosi amathawira kumowa. Ena amakataya kotsalako pobetcha mpira. Enanso amakwirira mutu mufoni mpaka atambala kulira. Zonsezi zimagoneka maganizo kwa kanthawi chabe, m'mawa amadzuka atanenepa.

Komatu pali njira ina yosalira ndalama. Azungu amaitcha grounding, koma Chichewa chathu chidawatsogolera kale. Munthu wa nkhawa timati mtima wake uli m'mwamba, ndipo pomulangiza timati "khazikani mtima pansi." Vuto n'lakuti aliyense amanena mawu amenewa, koma palibe amene amatiuza kakhazikidwe kake. Mtima si mphika woti mungouphula pamoto n'kuuika pansi. Tsono tiyeni tione mmene zimachitikira, ndi chifukwa chake mtengo, dothi ndi kulira kwa mbalame zimathandiza pa ntchito imeneyi.

Thupi silisiyanitsa njoka ndi landilodi

Mukakumana ndi njoka m'njira, ubongo umatumiza uthenga mwachangu ku tiziwalo tiwiri timene tili pamwamba pa impso. Tiziwaloti timathira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Pompo mtima umagunda mofulumira, mpweya umakhala wapamwambamwamba, shuga amachuluka m'magazi ndipo minofu imakungika. Zonsezi n'zoti muthe kuthawa kapena kumenya njokayo. Ikangolowa pathengo, thupi limabwerera m'chimake.

Tsoka lake n'lakuti thupi silisiyanitsa njoka ndi landilodi. Mukangoganiza za kugogoda kwake pa chitseko kumapeto kwa mwezi, thupi limachita chimodzimodzi ngati mwaponda mphiri. Njoka imachoka, koma ngongole sichoka. Mumagona nayo, mumadzuka nayo, mumakwera nayo minibasi. Ndiye kuti belu lochenjeza lija limangolira mwezi ndi mwezi osazima. Zikatero tulo timasowa, m'mimba mumasokonekera, thupi silichedwa kugwidwa ndi matenda, ndipo kwa amene ali kale ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena shuga, zinthu zimaipiraipira.

Taonaninso kumene maganizo amakonda kukhala. Amakhala kudzulo, kubwereza zimene apongozi adanena kumaliro, kapena kumawa, kuopa zimene sizidafike n'komwe. Koma maso anu sangaone za mawa. Khutu silingamve za dzulo. Mphuno imanunkhiza zimene zilipo pompano basi. Chinsinsi chonse chagona pamenepa: mukaupatsa ubongo ntchito yoona, kumva ndi kukhudza zimene zili pomwe mwaimapo, umayamba wasiya kaye ulendo wake wa kudzulo ndi kumawa. Belu lija limapeza mpata wozima.

Bwanji pansi pa mtengo, osati m'chipinda?

Wina afunsa kuti nanga zimenezi sindingachitire m'nyumba? Mungathe ndithu. Koma ofufuza a m'maiko angapo adapeza kuti malo a mitengo ndi udzu ali ndi mphamvu yakeyake.

Mu 1984 katswiri wina wa ku America, Roger Ulrich, adasindikiza zimene adapeza atasanthula mafailo a odwala pa chipatala china ku Pennsylvania. Onsewo adachitidwa opaleshoni ya ndulu pakati pa 1972 ndi 1981. Odwala 23 adagonekedwa m'zipinda zimene zenera lake lidayang'ana mitengo, ndipo ena 23 m'zipinda zoyang'ana khoma la njerwa. Oona mitengo aja adatuluka m'chipatala patatha masiku pafupifupi 8, pomwe anzawo adatha masiku pafupifupi 9. Adamwanso mankhwala amphamvu opha ululu ochepa kuyerekeza ndi anzawo. Tangoganizani, kungoiona chabe mitengoyo pazenera!

Kafukufuku wina amene akukhudza vuto lathuli mwachindunji adachitika ku Stanford University ndipo adatuluka mu 2015. Anthu 38 adagawidwa pawiri. Gulu lina lidayenda mphindi 90 m'malo a udzu ndi mitengo, lina mphindi 90 zomwezo m'mbali mwa msewu wodzaza magalimoto. Oyenda m'thengo aja adati kubwerezabwereza maganizo oipa kudachepa, ndipo makina ojambula ubongo adaonetsa kuti mbali ya ubongo yokhudzana ndi khalidwe limeneli idafatsako. Kwa oyenda kumsewu sikudasinthe kanthu. Onse adayenda, onse adatuluka thukuta, koma adasiyana malo.

Ku Japan nkhaniyi adaitenga ngati ya boma. Mu 1982 nthambi yoona za nkhalango kumeneko idayamba kulimbikitsa zimene amazitcha shinrin-yoku, kutanthauza kusamba m'nkhalango. Si kusamba kwa madzi ndi sopo ayi, koma kuyenda pang'onopang'ono pakati pa mitengo, kupuma mpweya wake ndi kumvetsera.

Nanga pamafunika nthawi yaitali bwanji? Ofufuza a ku University of Michigan mu 2019 adayeza cortisol m'malovu a anthu ndipo adapeza kuti amatsika bwino munthu akakhala mphindi 20 mpaka 30 pamalo a chilengedwe. Chaka chomwecho a ku University of Exeter adaunika mayankho a anthu pafupifupi 20,000 a ku England. Amene ankatha maola awiri kapena kuposerapo pa sabata m'malo otere ndiwo ankanena kwambiri kuti ali ndi thanzi labwino ndi mtendere wa mumtima. Zidalibe kanthu kuti maola awiriwo atha tsiku limodzi kapena adukizadukiza sabata yonse, ndipo mapaki a m'tauni nawo ankawerengedwa. Kafukufuku wa mtundu umenewu satsimikiza kuti mitengo yokha ndiyo idawapatsa thanzi, pakuti munthu wathanzi ndiyenso amatha kuyenda. Koma mukaphatikiza ndi enawo, onse akuloza kumodzi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mumsewu wa m'tauni ubongo umakhala pa ulonda: kabaza uyu andigunda, kondakitala akukuwa, chikwama changa chili bwino? Pamene masamba akugwedezeka kapena madzi akuyenda mumtsinje zimakopa maso mofatsa, osafuna kuti muchitepo kanthu. Mlonda wa m'mutu uja amapeza pokhala pansi.

Kachitidwe kake ndi aka

Pezani mtengo. Mango, kesha, mkuyu, bulugamu, uliwonse umene uli pafupi. Foni muike m'thumba itatsekedwa pakamwa, chifukwa simungakhazike mtima pansi uku magulu a WhatsApp akulira ngati achule a m'dambo. Khalani pansi, msana utsamire tsinde.

Yambani ndi mpweya. Kokerani mpweya m'mphuno uku mukuwerenga chamumtima mpaka 4, kenaka utulutseni pang'onopang'ono mpaka 6. Chofunika n'chakuti kutulutsa kutalike kuposa kukoka, pakuti nthawi imene munthu akutulutsa mpweya ndi imene mtima umachepetsa liwiro. Chitani zimenezi kakhumi.

Kenaka bwerani ku njira imene alangizi a za maganizo amaphunzitsa kwambiri, ya 5, 4, 3, 2, 1.

Tchulani zinthu 5 zimene mukuziona. Osangoti "mtengo" n'kudumpha ayi. Onani mzere wa nyerere pa khungwa, tsamba limene mbozi yadya mbali imodzi, mtambo umene ukusuntha, namzeze akudumphira tizilombo m'mwamba, mthunzi wanu womwe. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Khudzani zinthu 4. Kukakala kwa khungwa, kuzizira kwa mwala umene uli pamthunzi, dothi likudutsa pakati pa zala, kamphepo pakhosi.

Mverani zinthu 3. Mwina ndi pumbwa, mwina njiwa, mwina nyenje za m'chilimwe. Ngakhale chigayo chikulira patali, chiwerengeni, nachonso chilipo pompano.

Nunkhizani zinthu 2. Tikitani tsamba la bulugamu kapena la ndimu m'manja. Amene adanunkhizapo dothi mvula ya chizimalupsa itangogwa akudziwa kuti fungo lina limafika mpaka mumtima.

Lawani chinthu chimodzi, kaya ndi bwemba, suku, dambe kapena madzi akumwa. Koma osatola zipatso kapena bowa zimene simukuzidziwa.

Muli pakati pa zimenezi, landilodi uja abwera ndithu m'mutu. Musalimbane naye ndipo musadzidzudzule. Ingozindikirani kuti maganizo athawanso, n'kuwabweza ku nyerere zija. Akathawa kakhumi, abwezeni kakhumi. Kubwezako ndiyo ntchito yake, monga mbusa amachitira ndi mbuzi yokonda kulowa m'munda wa eni.

Amene sangathe kukhala duu angachite zomwezi akuyenda, kumvetsera mmene phazi likutera ndi kunyamuka. Ena zimawayendera bwino manja akakhala m'dothi. Kabedi ka mpiru kuseri kwa nyumba, ngakhale matumba atatu a tomato pakhonde, n'kokwanira. Pothirira, thirirani ndi mutu womwe, osati manja okha.

Za kuvula nsapato, chenjerani

Pa intaneti pali anthu amene amati kuponda pansi opanda nsapato kumalowetsa mphamvu ya magetsi a m'nthaka m'thupi n'kuchiza matenda osiyanasiyana. Ena mpaka amagulitsa mphasa ndi nsalu zoyala pabedi zokhala ndi mawaya. Abale anga, gwirani matumba anu. Kafukufuku wa zimenezi ndi wochepa, wa anthu owerengeka, ndipo wina adachitidwa ndi anthu amene ali ndi gawo pa malonda a katunduyo. Ife amene tidakula tikupita kusukulu chapansi tikudziwa kuti malungo sankatilambalala chifukwa chosowa nsapato.

Ubwino weniweni wa kuponda udzu wa mame ndi phazi losavala ndi wakuti kuzizirako kumaitana maganizo kuti abwere kuphazi, achoke kungongole. Zimenezo n'zoona ndipo n'zaulere. Koma sankhani poponda. Pamalo pamene anthu amadzithandizira pali njoka za m'mimba zimene zimaboola khungu la kuphazi n'kuyamba kumwa magazi. M'fumbi la m'makola ndi m'nyumba zosazira mumabisala matekenya. M'tauni muli magalasi osweka ndi misomali. Odwala shuga asayerekeze n'komwe kuyenda opanda nsapato, chifukwa ambiri mapazi awo samva kuwawa msanga ndipo kabala kakang'ono kamasanduka chilonda chosapola. Kuviika miyendo m'madzi odikha a m'madambo ndi m'mphepete mwa nyanja momwe muli nkhono n'kuitana likodzo.

Komanso kumapiri ndi kunkhalango musapite nokha, makamaka amayi ndi atsikana. Pitani awiri kapena atatu, dzuwa likadalipo, ndipo mugwirizane kuti kwa mphindi 20 pasakhale wolankhula. Miseche idikire pobwerera.

Agogo ankadziwa, koma kumudzi nako kuli maganizo

Zimenezi si zachilendo kwenikweni. Bwalo la mfumu linkakhala pansi pa kachere kapena mkuyu, ndipo anthu obwera atakwiya ankayamba akhala pansi pamthunzi mlandu usadayambe. Agogo akakhumudwa ankatenga khasu n'kulowera kudimba, pobwera nkhope itamasuka. Mpaka lero anthu a mipingo yosiyanasiyana amakwera mapiri monga Bunda ndi Soche kukapemphera, kufuna malo a zii amene m'tauni mulibe.

Koma tisanamizane kuti kumudzi kulibe maganizo. Mlimi angathe kutandala m'munda tsiku lathunthu, mbalame zikuimba pamutu pake, iye osamva ngakhale imodzi chifukwa mutu uli pa thumba la feteleza limene alibe. Kukhala panja pakokha sikukwanira. Chofunika ndi kukhalapo ndi mtima wonse, ngakhale kwa mphindi zochepa, khasu litagona pansi.

Tikapuma pati mitengo ikatha?

Amene ali ndi ya thiransipoti ali ndi kopita. Ku Zomba kuli munda wa zomera wa Botanic Garden, ndipo pamwamba pa phiri pali damu la Mulunguzi. Ku Mulanje kuli mathithi a Likhubula. Ku Lilongwe kuli nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi ku Lilongwe Wildlife Centre, komwe amalipiritsa pakhomo. Ku Blantyre kuli phiri la Michiru. Koma munthu wa ku Mbayani, Mtandire kapena Chinsapo, amene maganizo amupanikiza Lachitatu madzulo, sangadikire ulendo wa ku Mulanje. Iyeyo akufuna mtengo woti afikepo wapansi.

Apa ndiye pali nkhani. Akuluakulu a mu Blantyre amakumbukira phiri la Ndirande lili bii ndi mitengo ya paini. M'zaka za m'ma 1990 nkhwangwa zidalimeta mpala. Mabanja ambiri m'matauni mwathu amaphikira makala, ndipo thumba lililonse lolowa m'tauni pa njinga ndi mthunzi umene wachoka kwinakwake. Sitikunyoza wootcha makala, nayenso akuthawa njala, ndipo wogula ndife tomwe. Koma malipiro ake tidawaona mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 600 adafa ndipo ena oposa 500 adasowa.

Pogawa mapuloti, malo a mitengo ndi osewerera ana ndiwo amayamba kudyedwa. Womanga nyumba naye amayamba ndi kugwetsa mango amene adawapeza, kenaka n'kuthira simenti bwalo lonse. M'midzi yambiri mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha. Kodi abale, tidikire kufa kuti tikapume pamthunzi?

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Makhonsolo, mipingo, mizikiti ndi sukulu zili ndi malo. Mtengo umodzi pa bwalo la tchalitchi kapena pa chipatala chaching'ono, ndi benchi pansi pake, ndi chithandizo cha anthu ambirimbiri amene sangakwanitse kulipira mlangizi. Koma kubzala kokha pamaso pa makamera sikuthandiza. Mtengo umafuna kuthirira ndi kuutchinjiriza ku mbuzi mpaka utakula.

Pamene mtengo sukwanira

Tinene mosabisa. Mthunzi wa mango sulipira ngongole, ndipo suchiza matenda onse. Amene adapatsidwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena a matenda a maganizo apitirize kumwa monga adauzidwira kuchipatala.

Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo simukugona, chakudya sichikulowa, zimene munkakonda sizikukomanso, mukungodziona wopanda pake, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsa moyo, imeneyo si nkhani ya pansi pa mtengo ayi. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala cha boma chapafupi mukafunse oona za matenda a maganizo. Kulinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwapenga.

Abambo, izi zikukhudza inu kwambiri. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa amene amadzipha m'dziko muno ndi amuna. Mawu oti mwamuna salira atitayitsa anthu ambiri. Anzathu a ku Zimbabwe, amene vuto lomweli amalitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, adapeza njira yawo. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare, komwe agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera mavuto a anthu. Njirayi idayesedwa mwa kafukufuku ndipo idapezeka kuti imathandiza. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono kwa enafe amene maganizo akungotilemera tsiku ndi tsiku, yesani sabata ino. Mphindi 20 patsiku, masiku 6, ndiye kuti maola awiri aja akwana. Ogwira ntchito m'maofesi ndi m'mafakitale, nthawi ya nkhomaliro tulukani panja. Ageni, musanatsegule benchi m'mawa. Amayi, pochokera kumjigo kapena kumsika, tulani kaye katundu pamthunzi, palibe amene adzakuimbeni mlandu.

Mukadzanyamuka pamenepo ngongole idzakhala ilipobe, osachepa ngakhale tambala imodzi. Koma amene adzapite kukakambirana ndi mwini ndalama adzakhala munthu wa mutu wozizira, wotha kupempha kuti alipire pang'onopang'ono, osati wongothawathawa kapena wokalipira ana osalakwa. Ndipo mvula ikayamba, bzalani mtengo wanuwanu pakhomo. Ana anu nawonso adzakhala ndi maganizo awo, adzafuna pokhala.